Georg Perthes, Dotolo Amene Anaphunzira kwa Mwanapiye

Ndikapita kumudzi pa tchuthi, ntchito yosamala nkhuku za agogo imakhala yanga. N'chifukwa chake nditamva za dotolo wina amene anaphunzira chinthu chachikulu kwa mwanapiye, ndinafunitsitsa kudziwa mbiri yake. Dzina lake ndi Georg Perthes.

Perthes anabadwa m'chaka cha 1869 ku Moers m'dziko la Germany. Atatsiriza maphunziro a udotolo, anagwira ntchito pansi pa katswiri wa maopaleshoni, Friedrich Trendelenburg, ku Bonn kenaka ku Leipzig. Nthawi imeneyo n'kuti Wilhelm Röntgen atangotulukira cheza cha X-ray m'chaka cha 1895, ndipo Perthes anali mmodzi wa madotolo oyamba kuchigwiritsa ntchito. M'zaka za 1900 ndi 1901 anali dotolo wa asilikali ku China, komwe anajambula mafupa a mapazi a amayi amene ankamangidwa mapazi kuyambira ali ana.

Atabwerera kwawo, anayamba kuwotcha zotupa za khansa ndi chezachi. Koma sanangokondwera poona zotupa zikuphwa ayi. Anafuna kudziwanso chimene cheza chimachita ku thupi limene likukula. M'chaka cha 1903 analozetsa cheza pa phiko limodzi la mwanapiye, linalo n'kulisiya. Mwanapiyeyo anakula ndithu, koma phiko lowotchedwalo linatsalira, linakhala lalifupi kuposa linzake.

Nanga chinachitika n'chiyani? Chakumapeto kwa fupa lililonse lalitali la mwana kuli kachigawo kofewa kamene maselo ake amagawikana msangamsanga, ndipo ndi pamenepo fupa limatalikira. Cheza chimapha makamaka maselo ogawikana msanga. Choncho mphamvu yomweyo imene imagonjetsa khansa imathanso kuimitsa fupa. Mwana akakhala wamng'ono kwambiri, ndiponso cheza chikachuluka, vuto limakulanso.

Zimene zinaoneka pa mwanapiye zija zinadzaonekanso pa anthu. Ana ambiri amene anachira khansa ya impso anakula ndi msana wopindika, popeza cheza chinagwera mbali imodzi ya msana. Ena anakhala ndi mwendo umodzi waufupi, ena thunthu lawo silinatalike. Chomvetsa chisoni n'chakuti izi sizioneka tsiku lotuluka m'chipatala, zimadza pang'onopang'ono mwana akamasinkhuka. Lero madotolo amachepetsa cheza, amapewa malo okulira mafupa ngati n'kotheka, ndipo amapitiriza kupima mwanayo kwa zaka zambiri.

M'chaka cha 1910 Perthes anafotokoza za nthenda ina ya ana imene imadza magazi akalephera kufika kumutu kwa fupa la ntchafu, mwana n'kumatsimphina. Kale ambiri ankaiyesa chifuwa chachikulu cha m'mafupa. Arthur Legg wa ku America ndi Jacques Calvé wa ku France anaifotokozanso chaka chomwecho, ndipo mpaka lero imatchedwa ndi maina awo atatu. Perthes anakhala mkulu wa maopaleshoni ku Tübingen kufikira imfa yake m'chaka cha 1927 ku Arosa, m'dziko la Switzerland.

Anzanga, akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Perthes anadekha, nayang'ana phiko la mwanapiye. Ine ndatolapo phunziro lakuti pothandiza munthu tisangoona za lero zokha, tiziganiziranso mmene adzayendere mawa.