Abraham Lincoln: Misonkho, Nkhongole ndi Ndalama za Masankho

Dzina la Abraham Lincoln limadziwika ponseponse monga la mtsogoleri wa dziko la America amene anathyola goli la ukapolo. Koma asanakhale Pulezidenti, munthuyu anali phungu wamba m'Nyumba ya Malamulo ya cigawo ca Illinois kwa zaka zisanu ndi zitatu, kuyambira 1834 kufikira 1842. Dziko la America linagawidwa m'zigawo, ndipo cigawo ciriconse ciri ndi Nyumba yakeyake ya Malamulo, yokhala ndi mphamvu yoika misonkho ndi kutenga nkhongole m'dzina la anthu. M'zaka zimenezo ndimo muoneka bwino kagwiridwe ka Lincoln ka ndalama. Pa ndalama zake anali wosamala kufikira kakobiri komaliza, koma pa ndalama za boma anathandiza kusenzetsa alimi a ku Illinois katundu amene anamtula patapita zaka pafupifupi makumi anai.

Mwana wa mlimi

Lincoln anabadwa pa 12 February, 1809, m'kanyumba kamitengo ka cipinda cimodzi m'cigawo ca Kentucky. Atate wake, Thomas, anali mlimi ndiponso mmisiri wa matabwa. Milandu ya minda inawasautsa, ndipo mu 1816 banja lonse linasamukira ku Indiana, kumene mai wake, Nancy, anamwalira mu 1818. Masiku onse amene mnyamatayu anakhala pa sukulu, kuwaphatikiza pamodzi, anangokwana ngati caka cimodzi. Zotsalazo anadziphunzitsa yekha ndi mabuku obwereka. Mu 1830 banjalo linafika ku Illinois, ndipo caka cotsatira Lincoln anayamba kudziimira yekha m'kamudzi ka New Salem.

Mu 1832 anaima pa masankho kwa nthawi yoyamba nalephera, ngakhale kuti m'dera lakwao anthu 277 mwa anthu 300 anasankha iye. Pamenepo anayamba malonda a sitolo pamodzi ndi mnzake William Berry, katundu wake atamtenga pa nkhongole. Malondawo sanayende. Berry anamwalira mu 1835, ndipo nkhongole ya madola pafupifupi 1,100 inatsalira Lincoln, amene anavomera kulipira ngakhale gawo la malemuyo. Panthawi ina kavalo wake ndi zipangizo zoyezera minda, zimene anali kudya nazo, zinalandidwa ndi khoti ndi kugulitsidwa. Mlimi wina dzina lake James Short anazigula nazibwezera kwa mwini wake. Nkhongoleyo Lincoln anailipira pang'onopang'ono kwa zaka zambiri kufikira inatha.

Njanji za pa nkhongole

Mu August 1834, ali ndi zaka 25, anasankhidwa kukhala phungu. Analibe ngakhale covala coyenera kulowa naco m'Nyumba ya Malamulo, cotero anabwereka madola 200 kwa mlimi wolemera, Coleman Smoot, nagula suti ndi kunyamuka ulendo wa ku Vandalia, kumene kunali likulu la cigawoco. Anthu anamsankhanso mu 1836, mu 1838 ndi mu 1840.

Lincoln anali wa cipani ca Whig, cimene cinakhulupirira kuti boma liyenera kuthandiza malonda pomanga miseu, njanji, ngalande zoyendamo mabwato, ndi pokhazikitsa mabanki. Iye sanaphunzire zimenezi m'mabuku mokha. Kawiri konse, mu 1828 ndi mu 1831, anapalasa bwato lodzaza zokolola kutsika ndi mtsinje wa Mississippi kufikira ku New Orleans, ndipo anadziwa kuti mlimi wopanda njira yofikira kumsika amalimira anankafumbwe.

M'mwezi wa February 1837 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lotenga nkhongole ya madola oposa 10 miliyoni yomangira njanji za mamailosi pafupifupi 1,300 ndi kukonza mitsinje. Anthu onse a m'cigawoco panthawiyo sanali kukwana theka la miliyoni. Phungu aliyense anafuna kuti njanji idzere kwao, ndipo madera amene sanapatsidwe njanji analonjezedwa madola 200,000 oti agawane. Lamulolo linafunanso kuti nchito iyambike m'malo ambiri nthawi imodzi, kuti pasakhale dera lodandaula. Aphungu a zipani zonse ziwiri anavomereza, ndipo Lincoln anali mmodzi wa olimbikira kwambiri. M'mwezi womwewo iye ndi aphungu anzake asanu ndi atatu a m'dera la Sangamon anakopa Nyumbayo kuti likulu licoke ku Vandalia kupita ku Springfield, mzinda wa kwao.

Akuluakulu anati ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada. Patangopita miyezi itatu, mu May 1837, cuma ca dziko lonse la America cinagwedezeka. Mabanki analeka kupereka golide ndi siliva posinthana ndi ndalama zao zamapepala, mitengo ya zokolola ndi ya minda inagwa, ndipo anthu obwereketsa ndalama a ku New York ndi ku London anayamba kukana. Ku Illinois kunatsala milu ya dothi ndi milatho yosatha. Pa njanji zonse zija, imene inayenda ndi imodzi yokha, yocokera ku Meredosia, imene inafika ku Springfield mu 1842, ndipo mu 1847 boma linaigulitsa pamtengo wotaya. Pofika 1842 nkhongole ya cigawoco inali pafupifupi madola 15 miliyoni, ndipo boma linali litalephera kulipira ngakhale ciwongola dzanja cokha.

Lincoln anacedwa kuvomereza kuti nchitoyo yalephera. Mu January 1839 anapempha kuti cigawo cigule malo a boma lalikulu la ku Washington, maekala pafupifupi 20 miliyoni, pa masenti 25 ekala imodzi, kuti ciwagulitsenso pa dola imodzi ndi masenti 25, phindu lake lipite ku njanji. Boma lalikulu silinacitepo kanthu.

Msonkho wa olemera

Walira mvula walira matope. Nkhongole itakula, panafunika msonkho, ndipo apa Lincoln sanabisale. Kale minda inali kukhomeredwa msonkho mwa magulu owerengeka, kotero kuti munda wamtengo wapatali sunali kulipira molingana ndi mtengo wake. Lamulo la 1839, limene Lincoln analivomereza, linati cuma ciriconse cikhomeredwe malinga ndi mtengo wake weniweni. Anthu ena atadandaula, iye analembera kalata William Wait pa 2 March, 1839, kufotokoza kuti lamulolo silinawonjezere msonkho wa osauka, amene ali ambiri, koma wa olemera owerengeka amene ali ndi minda ya madola 50 kapena 100 pa ekala. Anawonjeza kuti ngakhale olemerawo adandaule, ciwerengero cao n'cocepa, sangagwetse munthu pa masankho. Kalatayi ionetsa mbali zonse ziwiri za munthuyu: anafuna cilungamo, komanso anali kudziwa kuwerenga mavoti.

Banki ya cigawo, imene eni ake ena anali anthu amalonda a cipani cake, anaiteteza ndi mtima wonse. Mu January 1837 anatsutsa pempho lakuti Nyumba ya Malamulo ifufuze kayendetsedwe ka bankiyo. Pa 5 December, 1840, aphungu a cipani ca Democratic anafuna kutseka msonkhano wa Nyumbayo, podziwa kuti ukangotsekedwa lamulo lidzakakamiza banki kuyambanso kulipira golide ndi siliva, zimene inalibe zokwanira. Aphungu a Whig anapangana kusapezekapo kuti ciwerengero cisakwane. Tsiku limenelo Nyumba inakumana m'chalichi ca Methodist ku Springfield. Zitseko zitatsekedwa, Lincoln ndi anzake awiri anatulukira pa zenera, koma anali atawerengedwa kale. Manyuzipepala a adani ake anamseka kwambiri, ndipo bankiyo inagwa ndithu mu 1842.

Anthu a ku Illinois anatolapo nzeru. M'malamulo akulu a cigawo a 1848 analetsa boma lao kutenga nkhongole yoposa madola 50,000 popanda kufunsa anthu, naikanso msonkho wapadera wobwezera nkhongole yakale. Caka comweco ngalande yolumikiza nyanja ya Michigan ndi mtsinje wa Illinois inatsegulidwa, ndipo inathandiza kukweza mzinda wa Chicago. Nkhongole ija inatha ca m'ma 1880, Lincoln atamwalira kale.

Loya wa kampani ya njanji

Lincoln analandira cilolezo ca uloya mu 1836, ndipo atacoka m'Nyumba ya Malamulo ndiyo nchito imene anali kudya nayo, kupatula zaka ziwiri, 1847 kufikira 1849, pamene anali phungu ku Washington. Mlandu umene unampatsa ndalama zambiri koposa unali wa msonkho. Kampani ya njanji ya Illinois Central inapangana ndi boma la cigawo mu 1851 kuti idzipereka gawo la ndalama zonse zimene ilandira, m'malo mwa misonkho ina. Mu 1853 akuluakulu a dera la McLean anafuna kukhometsa kampaniyo msonkho waowao. Lincoln anali wokonzeka kuimira madera kapena kampani, ndipo imene inamlemba nchito ndi kampani. Mu 1856 khoti lalikulu la cigawo linagamula mokomera kampaniyo, ndipo madera onse amene njanji inadutsamo anataya msonkhowo. Lincoln anapempha malipiro a madola 5,000. Kampani itazengereza, anaisumira mu 1857 napambana, ndalamazo nagawana pakati ndi loya mnzake William Herndon.

Ndalama zokopera anthu

Alembi ake awiri, John Nicolay ndi John Hay, amene analemba mbiri ya moyo wake, anasimba kuti pa masankho ena anzake a cipani anasonkha madola 200 nampatsa kuti ayendere. Masankho atatha iye anabweza madola 199 ndi masenti 25. Anali atayenda pa kavalo wake ndi kugona kwa abwenzi, ndipo masenti 75 okha ndiwo anagulira anchito a pamunda cakumwa ca maapozi.

Atakwera pa ndale zazikulu, zinthu zinasintha. Mu 1858, ali m'cipani catsopano ca Republican, analimbana ndi Stephen Douglas pa mpando wa m'Nyumba ya Senate, natsutsana naye pamaso pa anthu kasanu ndi kawiri pa nkhani ya ukapolo. Atalephera, cipani cinatsala ndi nkhongole, ndipo Lincoln analonjeza madola 250 ngakhale anadandaula kuti analibe ndalama zogulira zofunika za panyumba. Mu May 1859 anagula mwakacetecete makina osindikizira nyuzipepala ya Cijeremani ku Springfield pa madola 400, napangana ndi mkonzi wake, Theodore Canisius, kuti nyuzipepalayo idzicirikiza cipani ca Republican kufikira masankho a 1860 atapita. Owerenga ake sanauzidwe mwini wake weniweni. Lincoln atakhala Pulezidenti anatumiza Canisius kukaimira dziko ku Vienna.

Mu March 1860 analembera Mark Delahay wa ku Kansas kuti kulimbira mpando ndi ndalama n'kolakwa, ndi kuti iye analibe ndalamazo. M'kalata yomweyo analonjeza kumpatsa madola 100 a ulendo wa ku msonkhano wa cipani ku Chicago. Mu 1863 anaika Delahay kukhala woweruza, ndipo patapita zaka khumi munthuyo anatula pansi udindo atazengedwa mlandu wa kuledzera.

Masiku otsiriza

Lincoln anasankhidwa kukhala Pulezidenti mu November 1860, ndipo mu April 1861 nkhondo inabuka pakati pa zigawo zakumpoto ndi zakumwera zosunga akapolo. Nkhondo imadya ndalama, ndipo iye sanadalire nkhongole yokha. Mu 1861 anasaina lamulo loyamba la msonkho wa pa zimene munthu apeza pa caka. Lamulo la pa 1 July, 1862, linaika madola atatu pa 100 alionse kwa opeza zoposa madola 600, ndi madola asanu pa 100 kwa opeza zoposa 10,000. Tsiku lomwelo anasainanso lamulo la njanji yopita ku nyanja ya Pacific, imene inatha mu 1869. Pa 1 January, 1863, analengeza ufulu wa akapolo a m'zigawo zopanduka. Pa 14 April, 1865, anaomberedwa ndi John Wilkes Booth m'nyumba ya masewero ku Washington, namwalira m'mawa mwake ali ndi zaka 56. Anaikidwa m'manda ku Springfield.

Palibe umboni wakuti Lincoln anaba ndalama za anthu kapena kugulitsa voti yake. Komabe alimi a ku Illinois anakhoma msonkho zaka zambiri kulipirira njanji zimene sanazione, ndipo mmodzi wa amene anazivomereza anali munthu wokhulupirikayu. Pomuyesa phungu sikukwanira kufunsa ngati manja ake ali oyera. Anthu ayenera kufunsanso zimene anavomereza m'Nyumba ya Malamulo, amene adzalipira, ndi kumene kunacokera ndalama zimene anayendera popempha mavoti.