JAMES PARKINSON, DOTOLO WA ODWALA MANJENJE (1755–1824)

Kuyambira caka ca 1997, anthu a maiko ambiri amapatula tsiku la 11 April kukumbukira odwala nthenda ya manjenje, imene madotolo amaicha nthenda ya Parkinson. Anasankha tsikuli cifukwa ndilo tsiku lobadwa la munthu amene anayamba kuilongosola bwino nthendayo. Nayi mbiri ya moyo wace.

James Parkinson anabadwa m'caka ca 1755 ku Hoxton, dera la mudzi waukuru wa London ku Mangalande. Atate wace, John Parkinson, anali sing'anga wosakaniza mankhwala ndi womanga mabala, ndipo mwanayo anaphunzira nchitoyo kwa iwo. Atamwalira atatewo m'caka ca 1784, iye analowa m'malo mwao m'nyumba yomweyo ya pa Hoxton Square. Anakwatira Mary Dale, ndipo Mulungu anawapatsa ana 8, koma awiri anamwalira akali aang'ono. Anabatizidwa m'kacisi wa St Leonard ku Shoreditch, namangitsa ukwati wace momwemo, ndipo potsiriza anaikidwa m'manda a kacisi yemweyo.

Ambiri a odwala ace anali amphawi, ndipo kusauka kwao kunamkhudza mtima. Analemba timabuku todzudzula olamulira, nabisa dzina lace podzicha Old Hubert. M'caka ca 1794 anzace ena anagwidwa, nanenezedwa kuti anapangana kupha Mfumu George III. Parkinson anaimirira pamaso pa nduna yaikuru William Pitt ndi aphungu a mfumu kuwacitira umboni, angakhale akadatha kumangidwa iyenso. Pambuyo pace onse aja anamasulidwa.

Anakondanso kufufuza mafupa ndi zigoba za zamoyo zakale zimene zinasanduka miyala. Analemba mabuku atatu a zimenezi, m'zaka za 1804, 1808 ndi 1811, nakhala mmodzi wa amuna 13 amene anayamba bungwe la Geological Society m'caka ca 1807. Motero maso ace anazolowera kupenyetsetsa zinthu zimene ena angozipitirira.

M'caka ca 1817, ali wa zaka 62, anasindikiza kabuku kace kochedwa An Essay on the Shaking Palsy. Munali mbiri ya amuna 6 okha, ndipo atatu a iwo sanali odwala ace konse. Awiri anakomana nao pa mseu, nawaimika, nawafunsa za bvuto lao. Wacitatu anangomuona patali alikuyenda. Anthu ambirimbiri anawapitirira okalamba amenewa masiku onse, koma Parkinson anaima.

Iye anaonetsa kuti nthendayi iyamba mobisika, ndi kufooka pang'ono ndi kunjenjemera kwa dzanja limodzi, makamaka pamene dzanjalo lilikupumula. Popita zaka, manjenje afika ku ziwalo zina. Thupi liweramira kutsogolo. Mapazi aponda pafupipafupi, nafulumira monga munthu afuna kuthamanga. Kulemba ndi kudya zikhala zobvuta, ndipo mau acepa. Akale anayesa izi nthenda zosiyana, koma iye anazindikira kuti ndiyo nthenda imodzi yomakula pang'onopang'ono.

Mankhwala ace sanawapeze. Analangiza kukhetsa mwazi pakhosi ndi kutupitsa matuza pakhungu, monga anacitira masing'anga a masiku aja, koma izi sizinathandize. Anangoyembekeza kuti ena odza m'mbuyo mwace adzapeza gwero la nthendayo. Anamwalira pa 21 December 1824. Cithunzi ca nkhope yace palibe, ndipo malo eni eni a manda ace sadziwika lero.

Patapita zaka ngati 50, dotolo wochuka wa ku Paris, Jean-Martin Charcot, anaonjezapo zizindikiro za kuuma kwa ziwalo ndi kucedwa pocita kanthu. Anaonanso kuti odwala ena sanjenjemera konse. Cifukwa cace anaichula nthendayo ndi dzina la Parkinson. M'caka ca 1960, ku Vienna, Oleh Hornykiewicz ndi mnzace anapeza kuti m'bongo wa odwalawa mucepa madzi ena ochedwa dopamine, amene athandiza thupi kuyenda mosabvuta. Ndipo m'caka ca 1967, ku New York, George Cotzias anaonetsa kuti mankhwala ochedwa levodopa abweza mphamvu ku ziwalo zouma. Mankhwalawa sacotsa nthenda, koma ambiri amene awamwa mokhulupirika ayendanso, nadzidyetsa okha zaka zambiri. Ciyembekezo ca Parkinson cinakwaniridwa patapita zaka 150.

Tsono tidziwe kuti si manjenje onse ali nthenda ya Parkinson. Ena ali a kumtundu, ndipo aoneka pamene munthu anyamula cikho. Ena adza ndi mankhwala ena a nthenda za maganizo. Ena adza ndi mowa. Kusiyanitsa izi ndi nchito ya dotolo wophunzira za bongo ndi mitsempha, ndipo iye acita monga anacitira Parkinson: afunsa mbiri, apenya dzanja, napenyanso mayendedwe. Ku University Teaching Hospital ku Lusaka anayamba kuphunzitsa madotolo otere m'caka ca 2018. Kwa ife a ku Shimabala, okhala pa mseu waukuru wa pakati pa Kafue ndi Lusaka, ulendowo suli wautali. Uyamba ku cipatala ca pafupi, kumene apereka kalata yotumiza wodwala kwa akatswiri.

Abale okondedwa, m'midzi mwathu ndi m'mipingo mwathu alimo agogo onjenjemera manja, oyenda mowerama, a nkhope yosaseka. Ena awanena kuti aledzera kacasu, ena awaloza cala kuti ndi mfiti, ndipo iwo, pocita manyazi, aleka kudza ku gome la Ambuye. Kumeneku ndi kucimwira munthu wodwala. Nthendayi si temberero, ndipo sipatsirana. Mukhoza kudya naye mbale imodzi wopanda mantha. Akuru a mpingo ndi amai a cigwirizano awayendere otere, awagwire dzanja, nawaperekeze ku cipatala nthenda isanakule. Ambuye atipatse ife maso openya ndi mtima wakuima pa njira, monga anampatsa mtumiki wace James Parkinson.