Ignaz Semmelweis: dokotala amene anauza madokotala anzake kuti azisamba m'manja

Ife Asilamu timayamba wudhu ndi kusamba m'manja. Koma zaka zosakwana 200 zapitazo, dokotala wina ku Ulaya ananyozedwa chifukwa chokakamiza anzake kusamba m'manja asanagwire odwala.

Ignaz Semmelweis anabadwa mu 1818 ku Buda, m'dziko la Hungary. Mu 1846 anayamba ntchito pachipatala chachikulu cha mumzinda wa Vienna, chomwe chinali ndi mbali ziwiri zoberekera. Kumbali ya azamba, amayi pafupifupi 4 pa 100 alionse ankamwalira ndi matenda otentha thupi atabereka. Kumbali ya madokotala ankamwalira pafupifupi 10.

Mu 1847 mnzake Jakob Kolletschka anachekedwa ndi kampeni akupima mtembo. Kabalako kanamupha, ndipo zizindikiro zake zinafanana ndi za amayi aja. Semmelweis anazindikira kuti madokotala ankachokera kopima mitembo n'kukagwira amayi, pomwe azamba sankagwira mitembo. Analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a kolorini. Mu April amayi 18 pa 100 anali atamwalira, koma pofika July chiwerengero chinatsika kufika pa mmodzi pa 100.

Komabe akuluakulu ambiri anakana kuvomereza kuti manja awo ndi amene ankanyamula imfa. Buku lake la mu 1861 linatsutsidwa. Mu 1865 anamutsekera m'chipatala cha odwala misala ku Vienna, kumene anamwalira patangopita masabata awiri ali ndi zaka 47. Chinamupha ndi bala la padzanja lake lamanja lomwe linalowa tizilombo. Patapita nthawi, ntchito za Louis Pasteur ndi Joseph Lister zinatsimikiza kuti iye ankanena zoona.

M'nyumba zosamaliramo okalamba ngakhalenso m'makomo mwathu muli agogo a zilonda za shuga, ndi ena otupa matuza chifukwa chogona malo amodzi nthawi yaitali. Dzanja lowakonda ndi lomwelo lingawapatsire matenda. Wudhu wa m'mawa sukwanira pa bala la masana. Tisambe ndi sopo ndi madzi othira, osati m'beseni limodzi, tisanagwire bala komanso tikamaliza, ndipo tisagwire wodwala wachiwiri tisanasambenso.

Odwala athu ndi amaanah m'manja mwathu. Allah atithandize kuwasamala ndi manja oyera.