Dr. Robert Laws, Womanga Cipatala ca ku Khondowe

Abale, ambiri a ife kuno ku Kasungu tidziwa dzina la Dr. Prentice amene anayamba Mishoni wa ku Cilanga. Koma iyeyo anatumidwa ndi a Livingstonia, kumene mkulu wao anali Dr. Robert Laws.

Laws anabadwa ku Aberdeen m'caka ca 1851, nafika ku Nyanja m'1875. Malungo atapha anzace ku Cape Maclear ndi ku Bandawe, iye anakwera phiri la Khondowe m'1894, nayesa malo a sukulu, a nyumba ya Mulungu ndi a cipatala, pamalopo pali thengo lokhalokha. Cipatalaco sanafulumira kucimanga ai. Anayamba walambula mseu wocokera kunyanja, nakokera madzi m'mipope, pakuti nyumba ya odwala yopanda madzi isanduka manda. Anzace ena anadandaula kuti ndalama zilikuthera pa phiri limodzi, ndipo mau aowo sanali onama konse.

Cipatala ca David Gordon cinatsegulidwa m'1911, zitapita zaka 17. Laws anabwerera kwao m'1927, namwalira m'1934. Makoma a cipatalaco akalamba tsopano, koma odwala akali kugonamo.