Amai Gwendoline Konie: Mkazi amene anafika pamwamba m'nchito za boma

Mukakwela minibasi ya m'mawa yopita ku Ridgeway, penyani amene amaseluka pafupi na Cabinet Office: azimai ambili ndithu, mafaelo m'manja. Nthawi ya atsamunda sizinali conco. Mkazi wophunzila anali kuthela pa uphunzitsi, unesi kapena kutaipa makalata, koma mipando ya pamwamba inali ya azibambo. Mmodzi mwa amene anatsegula njila ni Amai Gwendoline Konie.

Anabadwila muno mu Lusaka mu 1938. Maphunzilo ao apamwamba anacitila ku Cardiff, ku Wales, na ku American University mumzinda wa Washington. Bwanamkubwa Sir Evelyn Hone anawasankha kukhala membala wa Legislative Council, nyumba ya malamulo ya Northern Rhodesia. Mpando wopatsidwa na mtsamunda unali wokayikitsa pa nthawi yomenyela ufulu, conco anayamba akambilana na a Kenneth Kaunda asanavomele.

Pambuyo pake analowa nchito za ukazembe. Mu 1974 anatumidwa ku Sweden, akuimilanso Zambia ku Denmark, Norway na Finland. Mu 1977 anapita ku New York kukakhala kazembe wathu ku United Nations. Zinali zaka zovuta, cifukwa ndeke za Ian Smith zinali kuponya mabomba m'dziko muno, monga pa msasa wa Chikumbi mu 1978. Atabwelako anakhala Permanent Secretary mu unduna wa zokopa alendo. Uyu ndiye mkulu wa anchito onse mu unduna, ndipo ndalama zonse zimapita m'manja mwake. Mu boma la a Frederick Chiluba anatumikila monga kazembe ku Germany mpaka 1997.

Sanalekele pamenepo. Anayambitsa cipani ca Social Democratic Party ndipo mu 2001 anaimilila pa upulezidenti. Pa anthu 11 amene anapikisana, akazi anali awili cabe: iwo na Amai Inonge Mbikusita-Lewanika. Anawina ni a Levy Mwanawasa, ndipo mavoti a Amai Konie anali ocepa kwambili. Analinso mlembi wa ndakatulo. Anamwalila mu Lusaka pa 14 March 2009.

Manje malamulo aliko. Gender Equity and Equality Act ya 2015 imaletsa kusala mkazi pa nchito, ndipo Employment Code Act ya 2019 imapatsa mai masabata 14 a chuti ca ucembele. Koma pa cisankho ca 2021 akazi sanakwane ngakhale mmodzi pa aphungu asanu alionse. Lamulo lingalembedwe bwino, koma amene amasankha wokwezedwa pa nchito ni anthu. Mlongo amene mwapanikizana naye pa mpando wa kumbuyo angakhale na mapepala okwanila udailekita. Funso ni lakuti, adzapatsidwa mpata monga umene Amai Konie anaupeza zaka zoposa 60 zapitazo?