Vincent Barry: Ankasaka Mankhwala a TB, Anapeza a Khate

Makolo ambiri kuno ku Karonga akukumbukira nthawi imene khate linali lofala m'midzi mwathu, anthu akuduka zala ndi kusalidwa ndi abale awo omwe. Akukumbukiranso anthu a Lepra amene kuyambira mu 1979 ankachoka ku Chilumba n'kumayenda khomo ndi khomo kupima anthu. Koma ndi ochepa amene akudziwa munthu amene anatsogolera ntchito yopanga amodzi mwa mankhwala atatu ochiza nthendayi lero.

Vincent Barry anabadwa mu 1908 mumzinda wa Cork ku Ireland, ndipo anali mzime m'banja la ana 11. Anaphunzira kemisitiri ku University College Dublin, kenaka anakhala zaka zingapo ku Galway akufufuza za shuga wopezeka m'zomera za m'nyanja. Mu 1943, pamene TB inkapha anthu ambiri m'dziko lake, anapatsidwa ntchito yosaka mankhwala ake.

Sanasake mongolota ayi. Anayambira pa mankhwala ena opezeka mu ndere, amene ankafooketsa tizilombo ta TB. Iye ndi anzake ankasintha kapangidwe ka mankhwalawo pang'onopang'ono, kuwayesa, kulemba zotsatira, n'kusinthanso. Anapanga mitundu mazanamazana, uliwonse ndi nambala yake. Mu 1954 anapanga ufa wofiira umene anautcha B663, womwe lero umadziwika kuti clofazimine.

Pa mbewa zodwala TB ufawu unagwira ntchito bwino kwambiri. Koma atauyesa pa mbira ndi pa anyani, zotsatira zinali zogwetsa ulesi. Panthawiyo n'kuti mankhwala ena amphamvu a TB, monga isoniazid, atatuluka kale. Zinkaoneka ngati thukuta la zaka khumi lapita pachabe.

Mwayi unatulukira kumene sankayembekezera poyamba. Kachilombo ka khate ndi kapachibale ndi ka TB, choncho madokotala ena anaganiza zoyesa B663 pa odwala khate. Dr Stanley Browne anachita zimenezi ku Uzuakoli m'dziko la Nigeria, ndipo mu 1962 analengeza kuti odwala akupeza bwino. Vuto lake lalikulu linali loti khungu limada kapena kufiira kwa kanthawi.

Barry anamwalira mu 1975, asanaone phindu lonse la ntchito yake. Mu 1980 gulu lake linalandira mphoto ya sayansi ya UNESCO. Chaka chotsatira akatswiri a WHO analangiza kuti khate lizichizidwa ndi mankhwala atatu ophatikiza: rifampicin, dapsone ndi clofazimine. Pofika mu 1994, odwala khate m'Malawi anali atachepa kufika posakwana mmodzi pa anthu 10,000 aliwonse. Chodabwitsa n'chakuti lero clofazimine akugwiritsidwanso ntchito pochiza TB yosamva mankhwala, nthenda imene Barry ankalimbana nayo pachiyambi.

Ana anga, mwayi unamupeza Barry ali pantchito, mabotolo ali olembedwa manambala, zotsatira zili m'kaundula. Akanataya B663 tsiku limene anakhumudwa, Browne akanayesa chiyani? Khama ndi lathu, zotsatira ndi za Allah, ndipo nthawi zina zimadza mwa njira imene sitinaipemphe.

Makolo, khate silinatheretu. Mukaona banga pakhungu losamva kukhudza kapena kutentha, pitani kuchipatala msanga. Mankhwala ake ndi aulere, ndipo amamwedwa miyezi 6 kapena 12.