Arne Tiselius wa ku Sweden

Ine ndinamva dzina la munthuyu tsiku limene tinaphunzira kuti mcere ukasungunuka m'madzi, magetsi amakoka tizidutswa tace, tina uku tina uko.

Tiselius anabadwa ku Stockholm m'caka ca 1902. Atate wace anamwalira iye akali mwana. Atakula anapita ku Uppsala, kumene mphunzitsi wace anali Theodor Svedberg. Nchito yace inali kulekanitsa mapuloteni ndi magetsi, koma poyamba sizinamuyendere bwino, pakuti magetsiwo ankatenthetsa madzi ndipo zonse zinkasakanikanso. Anagwa mphwayi nayamba nchito zina, ndipo ine sindimdzudzula. Koma m'caka ca 1937 anaziziritsa cipangizo cace kufikira madigiri 4, naona mapuloteni a m'magazi akugawikana m'magulu anai. Pambuyo pace kunadziwika kuti gulu limodzi ndilo limanyamula asilikali otiteteza ku matenda. Analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 1948.

Wophunzira wace, Stellan Hjertén, anayesa njirayi m'timipope tating'ono m'caka ca 1967. Lero timipope toonda ngati tsitsi timaonetsa nitrate ndi chloride m'madzi akumwa. Tiselius anamwalira ku Uppsala m'caka ca 1971.